Nyemba Imodzi M'chitini cha Kumudzi

Bambo anga, a Alufandika, anali ndi bokosi lachitsulo pansi pa bedi, ndipo analilongedza ine ndisanabadwe. Munali bulangete latsopano lomwe linakalamba lisanafundidwe, nsapato zakuda, makina ometera tsitsi, ndi nsalu ziwiri za achemwali awo a ku Ntcheu amene tinamva kalekale kuti anamwalira. Khirisimasi ikamayandikira ankalikoka, n'kulipukuta fumbi, n'kunena kuti, "Chaka cha mawa tikupita." Amayi anga, a Esinati, anamva mawu amenewa mpaka anatopa nawo, n'kukagona kumanda a mzinda uno Ntcheuyo osamuona. Ine ndinabadwira mu Highfield, kuseri kwa masitolo a Machipisa, ndipo mawuwa ndinkawamva ngati tambala wa kwa neba, woti alire asalire kunja kucha ndithu.

Chaka chomwe mzinda unasintha dzina kukhala Harare, nkhaniyi inasiya kuseketsa. Bambo anali atagwira ntchito pa fakitale yopanga zitini kuyambira ali mnyamata, ndipo nyumba yomwe tinkakhala inali ya kampani. Disembala ankayenera kutenga penshoni, n'kubweza kiyi. Ine ndinkasoka ku fakitale ya zovala, koma malipiro anga anali a kachipinda kamodzi kochita lendi ngati loja, ndipo eni nyumba safuna loja wobwera ndi nkhalamba yotsokomola. Funso linali limodzi basi, loti bambo anga akakhala kuti. Sanali okha. M'tchalitchi mwathu munadzaza nkhalamba za ku Malawi ndi ku Chipata zomwe kiyi wawo anali pafupi kulandidwa.

Apa m'pamene panabwera Iris, mayi wachishona wa ku Marondera amene anakaphunzira kunja nthawi ya nkhondo. Anatumidwa ndi bungwe lina la mipingo. Atafunsa za munthu womasulira, akuluakulu onse analoza ine, ati chifukwa pakamwa panga sipatseka.

Iris anandifotokozera bwinobwino. Bungwelo likanatha kuchita chimodzi mwa zinthu ziwiri: kupezera nkhalambazo masitandi omangapo tinyumba cha kupitirira Sunningdale, kapena kuzinyamula ndi katundu wawo kubwerera kwawo. Zonse ziwiri silikanakwanitsa.

"Koma sitikufuna kuwasankhira, Jenipher," anatero. "Kale anthu ankabwera ndi mafunso awo, n'kulemba zolemba zawo, n'kupita. Mayankho ankapangidwa kutauni. Ife tikufuna eni akewo afufuze okha moyo wawo, aone okha vuto lili pati, asankhe okha. Ine ntchito yanga n'kutseka pakamwa."

Ndinamuuza kuti kwathu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anasangalala kwambiri, n'kuubwereza mwambiwo mokhotakhota mpaka ndinagwira nthiti. Ndinamukonda mayi ameneyu, ndipo njira yakeyo ndinaikhulupirira ndi mtima wonse. Mumtima ndinati tapulumuka, chifukwa ndani angakane malo akeake atakhala zaka zonsezi m'nyumba ya eni.

Tinakumana Lamulungu mapemphero atatha, pabwalo la tchalitchi. Iris sanabwere ndi pepala. Anabwera ndi chidebe cha phulusa ndi thumba la zitsekerero za mabotolo, n'kupempha anthu kuti ajambule pansi dera lawo, aliyense aike chitsekerero pomwe pali nyumba yake. Poyamba ankangoyang'anana, kuganiza kuti mayiyu wasokonezeka. Koma wina atalakwitsa msewu wa ku Machipisa, onse anadzuka. Azibambo anakangana zolimba za pomwe pali bawa, anthu omwe amalumbira kuti sanapondemo phazi. Azimayi anawalanda phulusa n'kukonza pomwe pali mipopi ndi chipatala. Panatuluka zambiri zomwe ngakhale ine sindinkadziwa: nyumba ziti ndi za kampani, ndani anathamangitsidwa kale, ndani akugona kukhitchini kwa mwana wake.

Womaliza kuika chitsekerero anali mayi Tecla, amasiye ogulitsa matimati pa Machipisa. Amuna awo atamwalira kampani inatenga nyumba, ndipo ankakhala m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya eni. Anali munthu wosalankhulalankhula, kupatula akamva kuti wina wangofika kuchokera ku Malawi, pamenepo ankamusaka kuti amufunse ngati ku Dedza yagwa mvula. Anaika chitsekerero chawo kumphepete kwenikweni, n'kubwerera kumbuyo komwe amakhala masiku onse.

Kenako Iris anatulutsa mbale ziwiri zachitsulo. Pambali pa ina anaika chidutswa cha njerwa, kutanthauza sitandi. Pambali pa inayo anaika kasutikesi, kutanthauza ulendo wa kumudzi. Wapenshoni aliyense, mkazi wake, ndi wamasiye aliyense analandira nyemba imodziimodzi kuti akaike pomwe mtima wake uli.

Kwathu mwana sayamba kusamba m'manja akulu alipo, ndiye woyamba kudzuka anali a Yoramu, wapampando wa beriya, gulu lathu lothandizana pa maliro. A Yoramu ndi bambo wamtali wa chipewa cha nthenga, amene adzukulu ake onse sadziwa ngakhale kupereka moni m'Chichewa. Anaima pakati pa mbale ziwirizo, n'kukonza pakhosi ngati mlaliki.

"Abale, ife tinabwera kuno ndi mapazi kudzasaka basa, ntchito ya malipiro," anatero. "Sitinabwere kudzamera mizu. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Eni dziko atitcha mabhurandaya, obwera opanda kwawo, zaka zonsezi, ndiye lero tigwade kupempha kadothi? Amene akuika nyemba pa njerwa apa, aike tonse tikuona, tidziwe kuti pakati pathu pali mtchona."

Anaponya nyemba yake m'mbale ya sutikesi, ndipo inalira kuti ngwee, bwalo lonse kumva.

Mawu oti mtchona mwina kwa ena ndi opepuka. Kwa nkhalamba zathu ndi chitonzo choposa kutukwanidwa mayi. Ndi munthu amene anadyedwa ndi tauni, woiwala manda a makolo, woti kumudzi akamutchula amangopukusa mitu. Aliyense wa iwo usiku ndi usana amadziwa kuti ndi chimene anasanduka, koma palibe angalole kuti mnzake amve akuvomera. Bambo anga anadzuka achiwiri, chifuwa patsogolo. Ngwee. Wachitatu, ngwee. Azimayi anatsata amuna awo, amasiye anatsata azimayi anzawo, mayi Tecla n'kutsekera. M'mbale ya njerwa munangotera ntchentche.

Iris anawala nkhope. Anandinong'oneza kuti sanaonepo anthu ogwirizana chonchi, ndipo anandipempha kuti ndiwathokoze. Ndinamasulira kuthokozako mano ali gwa.

Titafika kunyumba sindinadikire kuti tiyi azizire.

"Bambo, mukafikira kwa yani ku Ntcheu?"

"Kwathu."

"Kwanu kwa yani? Azakhali anamwalira. Ana awo sakudziwani nkhope. Munda munausiya muli mnyamata, mukuganiza kuti ukukudikirani? Ngakhale tsamba simunalembe kuchokera nthawi ya Federeshoni."

"Chichewa chako chimanunkha Chishona," anatero akupemerera tiyi. "Amati kalata, osati tsamba."

"Musandizembe, baba. Nanga ine? Mwambo wanu womwewo ukuti mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye ine ndine wa ku Katete komwe sindinapondeko. Ku Ntcheu ndikakhala ndani? Nanga amayi muwasiya ndi yani kumanda kuja? Malo a pambali pawo munalipira ndinu ku beriya, kapena munalipirira alendo?"

Anamaliza tiyi wawo, n'kutenga chitini cha madzi, n'kutuluka kukathirira kamtengo ka mapeyala komwe anadzala mvula yapitayo. Ndinawayang'ana pazenera akukazunguliza minga kuti nkhuku zisakapalase. Mtengo woti udzabereke patapita zaka, munthu wake ndi amene akuti akunyamuka chaka cha mawa. Ndinamenyetsa kapu musinki mpaka inabenthuka.

Lolemba ndinapempha kuweruka msanga n'kupita ku ofesi ya Iris mutauni. Ndinalowa ndi moto, koma iye sanagwedezeke.

"Jenipher, ukundipempha chinthu choopsa," anatero. "Anthu alankhula. Ndikati tibwereze chifukwa yankho silinakusangalatse iwe, ndikhala ndikusiyana pati ndi aja ankasankhira anthu? Iwe ndiwe mwana, ukufuna bambo ako pafupi. Mwina iwo akufunadi kumusha, kumudzi kwawo."

Chomwe chinandipweteka n'chakuti sankanama. Kenako ndinati, "Chabwino. Usamvere ine. Tiye ukayende m'makomo mwawo, ukaone ndi maso ako."

Kuyenda m'makomo inali mbali ya njira yake yomweyo, ndiye anavomera. Loweruka tinayenda mzere ndi mzere. Kwa a Yoramu tinapeza khola la nkhuku la njerwa zootcha, lolimba kuposa nyumba ya mayi Tecla, ndipo eni ake anali kalikiliki kulikulitsa. Kwina tinapeza mpesa wokwera denga. Kwina nkhalamba inatisonyeza monyadira malo omwe inasungitsa kumanda pafupi ndi mkazi wake. Paliponse Iris ankafunsa mofatsa kuti ulendo uli liti, ndipo paliponse yankho linali lomwelo, chaka cha mawa. Atafunsa mayi wina kuti amuna awo anayamba liti kunena zimenezi, mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Titafika pa Machipisa Iris anagula botolo la zoziziritsa kukhosi n'kukhala pakhonde la sitolo akumwa. "Nyemba zija sizinayankhe funso langa," anatero pomaliza. "Zinayankha a Yoramu. Tibwereze, koma aliyense payekha, popanda diso la mnzake."

Tinapeza zitini ziwiri za ku fakitale kwa bambo komweko, n'kuboola timabowo pa zivundikiro, n'kuyala tinsalu pansi kuti nyemba isalire. Tinaziika m'kachipinda ka abusa, china pambali pa njerwa, china pambali pa sutikesi. A Yoramu anang'ung'udza kuti zamseri ndi za afiti. Iris anawakumbutsa kuti dziko lonse linasankha boma mwanjira yomweyo posachedwapa, ndipo palibe anasanduka mfiti. Analowa mmodzimmodzi, chitseko n'kumatsekedwa. Ena ankatuluka msanga ngati athawa njuchi. Bambo anga anakhalitsamo mpaka ndinayamba kuganiza kuti agwa.

Onse atatha, Iris anakhuthula zitini pa tebulo pamaso pa anthu. Cha njerwa chinatulutsa mulu. Cha sutikesi anachigwedeza, n'kugwa nyemba imodzi yokha, yomwe inagubuduka mpaka kumphepete kwa tebulo. Poonkhetsa anapeza kuti imodzi yasowa. Anasuzumira pansi pa mabenchi, n'kunena kuti mwina yagwera penapake, ndipo palibe amene anazilabadira.

Kunali zii. Ine mtima unagwa pansi ndi chimwemwe. Nkhalamba zinkayang'ana nsapato zawo.

Amene anaswa bata anali a Yoramu. Anadzuka pang'onopang'ono akupukusa mutu. "Maiwe, manyazi bwanji," anatero. "Ndiye kuti m'gulu lonseli ndatsala ndekha wokumbuka kwathu?"

"Pepani a Yoramu," inatero nkhalamba ina, "nyembayo ndi yanga."

"Yanu bwanji? Ine ndaika ndi dzanja ili!"

Posakhalitsa bwalo lonse linali phokoso. Bambo aliyense anali mwini wa nyemba imodzi ija, ndipo mulu wonse uja unalibe mwini. Koma wokuwa kuposa onse anali bambo anga. Anaimirira akugogoda ndodo pansi. "Ndani pano ali ndi bokosi lolongedza kale ngati ine? Bwerani kunyumba mudzalione! Bulangete lilimo, nsapato zilimo. Inu mukungolankhula pakamwa, ine ndine wokonzeka!"

Ndinaseka nawo azimayi, kupusa kwanga. Ndinati asiyeni akuwe, masitandi tapeza, kukuwa sikulipiritsa.

Patapita milungu ingapo Iris anabwera ndi yankho. Bungwe linavomera masitandi. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, aliyense akuonetsa nkhope yoti akungolandira chifukwa cha anzake. Kenako anawonjezera kuti pa njira yawo mawu a munthu mmodzi sataya. Popeza panali mmodzi wofuna kubwerera, bungwe linapatula ulendo umodzi, wa munthu ndi katundu wake, m'malo mwa sitandi. Mwini wake abwere kudzamuona payekha, nthawi iliyonse, palibe adzadziwe.

Ndikumasulira mawu amenewa ndinaona a Yoramu akutuluka thukuta. Iwo ndi amene anayamba kunena kuti nyemba ndi yawo, ndipo maso onse anali atayamba kutembenukira kwa iwo. Koma munthu sakhala wapampando wa beriya zaka zonsezo ali wopusa.

"Zamseri zatha, mwanangu," anatero akuvula chipewa. "Nyembayo inali yanga, Mulungu akudziwa. Koma ine ndinaleredwa. Sindingadye mkulu wanga akuyang'ana. A Alufandika anafika kuno ife tisanafike, ndipo tonse tinamva kuti bokosi lawo ndi lomangamanga. Ngakhale zikundiwawa, ndikuwasiyira mwayi umenewu. Pitani achimwene, mukatiperekere moni kwathu."

Bwalo linaphulika. Azibambo onse amene anali eni a nyemba anavomereza mofulumira kuti nawonso akusiyira a Alufandika. Wina anayambitsa nyimbo ya tchalitchi. Ndinakuwa kuti dikirani, koma mawu anga anamira. Bambo anga anaimirira, nkhope itatuwa ngati phulusa tinajambulira lija, n'kuwerama, n'kunena kuti zikomo, mwandilemekeza.

Mlungu wonse m'nyumba munalibe mtendere. Ndinalalata, ndinachonderera, ndinalira. Iwo ankangoti mwamuna salankhula pawiri. Mumtima ndinayamba kukayika kuti mwina nyembayo inalidi yawo, mwina ine ndi amene sindiwadziwa bambo anga.

Loweruka m'mawa ndinatenga jekete lawo la ku tchalitchi kuti ndilichape. Popisa m'thumba lam'kati, chala changa chinakhudza kanthu kolimba. Inali nyemba, yofiira yamawangamawanga, ya mtundu womwe Iris anagawa. Yosowa ija.

Ndinawapeza kuseri akumangirira kamtengo kawo ku chikhomo. Ndinatambasula dzanja, nyemba ili poyera. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kukhala pansi pa njerwa.

"Ndinaima pakati pa zitini zija," anatero motsitsa mawu. "Uku kuli amayi ako. Uku kuli amayi anga, omwe sindinawaike m'manda. Ndikatambasula dzanja uku, uyu akundiyang'ana. Ndikatembenuka, winayo. Ndinangoibweza m'thumba."

Mkwiyo wanga wonse unasungunuka, ndipo ndinagwada pambali pawo. "Ndiye kanenenitu, baba. Nyemba ija si yanu. Umboni ndi uwu. Tipite kwa a Yoramu pompano."

"Ukawauze kuti Alufandika ananama pamaso pa mpingo? Kuti anagogoda ndodo chifukwa cha nyemba ya eni?"

"Onse aja ananama!"

"Onse ananama, koma wogwidwa ndikhala ine ndekha. Ndizikakhala nawo bwanji kumasitandiko? Ndizidutsa, ana azindiloza." Anandigwira dzanja n'kulifumbatitsa nyembayo. "Ukaionetsa kwa munthu, iwe si mwana wanga."

Kwa a Yoramu sindinapite, koma kwa Iris ndinapita, chifukwa ndinati iye si munthu wa mpingo wathu. Anamvetsera atagwira tsaya. Tsiku lomwelo anabwera kunyumba, n'kundipempha kuti ndimasulire mawu ake ndendende, osathira mchere wanga.

"Sekuru, palibe akukukakamizani," anatero, kuwatchula agogo m'Chishona. "Mukangondiuza pano, atatu tokha, kuti mukufuna kukhala, sitandi yanu ilipo. Anthu tidzawauza kuti adokotala akuletsani ulendo wautali, kapena sitidzawauza kanthu."

Bambo anamuthirira tiyi ndi manja awo. Anamuthokoza chifukwa cha ulemu wake, n'kunena kuti sanaonepo wophunzira wokhala pansi n'kumvera nkhalamba. Kenako anati, "Koma ndikupita, mwanangu. Zvakanaka, zili bwino."

Panja ndinamugwira Iris pamkono. "Akunama, ukudziwa kuti akunama! Ingolemba kuti akukhala. Sitandiyo ilembe m'dzina langa."

"Masitandi ndi a apenshoni okhala, sindingathe kuwapatsa ana," anatero, misozi ili m'maso. "Ndipo ndawafunsa poyera, ndawafunsa mseri, ndawafunsa m'nyumba mwawo. Ndikalemba zosiyana ndi zomwe anena ndi pakamwa pawo, ndiye kuti ndawasandutsa mwana. Ndinalonjeza anthu awa kuti sindidzawasankhira."

"Ndiye njira yakoyo ndi yachabe!"

"Mwina ili ndi pobowoka," anatero. "Ndikanayenera kusunga nkhani ya ulendo umodzi uja, osainena pagulu. Koma sindikudziwa njira yofunsira munthu chimene iye mwini akukana kudziuza."

Ndinkafuna wina woti ndimutukwane, koma aliyense amene ndinamuyang'ana anali ndi chifukwa chake chomveka. Zimenezi n'zimene zinandipsetsa mtima koposa.

Disembala anafika. Bambo anabweza kiyi, ine n'kupeza kachipinda ku Waterfalls kwa mnzanga wa kuntchito. Kamtengo ka mapeyala anakazula ndi dothi lake n'kukaika m'chitini, ati ndikasamalire. Bokosi lija linatuluka pansi pa bedi koyamba kupita panja, ndipo pansi pake panali patachita dzimbiri moti tinalimanga ndi chingwe. Msewu wa ku Tete unali ndi nkhondo, ndiye ulendo unali wozungulira ku Lusaka ndi Chipata.

Beriya yonse inabwera ku siteshoni ya mabasi ku Mbare kudzaperekeza, atavala mayunifomu awo ngati kumaliro. A Yoramu analankhula mawu ambiri okoma. Anati a Alufandika ndi chitsanzo, ndipo iwo atsatira chaka cha mawa. Pomwe ankanena zimenezi m'zikhadabo mwawo munali simenti ya maziko a nyumba yawo yatsopano. Ena anapatsira bambo timaphukusi ta shuga ndi sopo, kuti akapereke kwa abale omwe mwina anafa kalekale.

Bambo anakwera basi atavala nsapato zakuda zija, zomwe zinkawathina. Anakhala pazenera, n'kundikodola.

"Basiyi idutsa pa Katete," anatero. "Ndikayang'ana kwa amayi ako, ndidzakuuze mmene kulili."

"Mukalembe tsamba, baba."

"Kalata," anatero, n'kuyesa kumwetulira. "Kumanda uzipita. Udzu umamera msanga mbali ya kumutu."

Basi inanyamuka anthu akuimba. Ndinaithamangira pang'ono, kenako ndinaima, chifukwa ndinaona kuti bambo atembenuzira nkhope mbali ina. Anthu anayamba kubalalika, azibambo akukambirana za mtengo wa malata.

Ndinamva dzanja lozizira likundigwira pachigongono. Anali mayi Tecla, dengu lawo lopanda kanthu lili m'khwapa. Maso awo anali akadali kumene basi inalowera.

"Ali ndi mwayi bambo ako," anatero. "Nyemba ija inali yanga, mwanangu."

Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ine kuno ndilibe mwana, ndilibe nyumba. Sitandi andipatsa, koma andimangire ndani? Ku Dedza mng'ono wanga alipo, amandiitana chaka ndi chaka. Pa mbale paja ndinaika ya kumudzi, m'chitini muja ndinaikanso ya kumudzi. Kawiri konse ndinanena zoona."

"Nanga bwanji simunanene, mayi? Bwanji simunapite kwa Iris?"

"Ndikananena bwanji? Azibambo onse aja anali atalumbira kale kuti ndi yawo. Ine wamasiye ndiimirire, ndiuze akuluakulu a mpingo kuti akunama? Mtsikana uja atati mwini wake abwere payekha, ndinati mawa ndipita. Ndisanamalize n'kuganiza komwe, a Yoramu anali atapereka kale, nyimbo ili pakamwa. Ndikanakalanda bambo ako ulendo atathokoza kale pagulu?"

Ndinapisa dzanja m'thumba la diresi, momwe munali nyemba ya bambo, n'kuifinya mpaka inandipweteka. Ndinkafuna kukuwa kuti Mbare yonse imve, koma panalibenso woti amve n'kubweza basi.

"Kodi popita ku Ntcheu, ulendowu udutsa pa Dedza?" anafunsa mayi Tecla.

"Udutsa, mayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Akakulembera, udzandifunsireko ngati yagwa mvula."

Anakonza dengu lawo, ndipo tinapita limodzi kukaima pamzere wa basi ya ku Machipisa.